Chishalo chachikopa chigonjere thupi la mayi

Pamsika uliwonse wa kumudzi pamakhala mtengo umene pansi pake pali njinga zogadamitsa, beseni la madzi akuda loyesera machubu, ndi bambo wa manja a girisi. Imani pamenepo tsiku la msika, mumve zimene amayi amabwera nazo. Wina tayala laphwa, wina tcheni chikungogwa, wina mabuleki sakugwira. Koma simudzamva mayi akuti, "Bambo, chishalochi chikundipweteka kumaso." Mawu amenewo amakatulukira kuchigayo kapena kumjigo, pakati pa amayi okhaokha, monong'ona, ndipo yankho limene mnzawo amapereka ndi lomwe lija: "Mudzazolowera asisi, njinga imatero."

Njinga siitero ayi. Ndakhala ndikupalasa kuyambira utsikana wanga, ndipo imene ndimayendera mpaka pano ndi yakuda ija ya mabuleki azitsulo, ya chishalo chachikopa chokhala pa masipuling'i, imene malume anga anandisiyira. Pa njinga imeneyo ndaphunzirapo chinthu chimodzi chimene ndikufuna mayi aliyense achidziwe: pachishalo munthu amakhala ndi mafupa, osati ndi mnofu wofewa. Dzanzi, kutupa ndi kunyuka kwa kumalo obisika zimayamba pamene kulemera kwa thupi kwachoka pamafupa n'kutsetserekera kutsogolo. Chobwezera kulemerako pamalo pake kawirikawiri chimangokhala sipanala ya 13 kapena 14, ndi mtima wosapupuluma.

Chishalo chachikopa chinachokera ku akavalo. John Boultbee Brooks anatsegula malo osokera zikopa za akavalo mumzinda wa Birmingham ku England mu 1866, ndipo mu 1882 analembetsa kuboma luso lake loyamba la chishalo cha njinga. Kampani yake ikupangabe zishalo ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham pomwepo, ngakhale kuti kuyambira 2002 eni ake ndi a Selle Royal a ku Italy. Zishalo zachikopa zimene agogo athu ankaziona pa njinga za Raleigh ndi Humber, ndi zina za ku India ndi ku China zimene zinabwera pambuyo, kapangidwe kake ndi komweko. Pansi pali felemu yachitsulo. Kumbuyo kuli chitsulo chokhota chimene chikopa chimakhomeredwapo ndi mariveti, kutsogolo kuli kachitsulo ka mphuno kokhala ndi bawuti yake. Pakati palibe kanthu. Chikopa cha ng'ombe, chokhuthala pafupifupi mamilimita 5, chimangolenjekeka pakati pa nsonga ziwirizi, chokungidwa monga chikumba cha ng'oma.

Apa ndi pamene chimasiyanirana ndi chishalo chasiponji. Siponji imakoma poitobwanya ndi chala m'sitolo, koma mukakhalapo mafupa amamira, ndipo siponji imene yathawa pansi pa mafupawo imatukukira pakati, pamalo pamene sipafuna kupanikizidwa. Chikopa chimayamba chili gwa, kenako chimalowa pang'onopang'ono pamalo awiri pamene mafupa anu amafikira, n'kupanga timaenje tiwiri timene sitichokanso. Sichisunganso thukuta monga amachitira pulasitiki, ndipo amene anapalasapo masana a mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima akudziwa kufunika kwake. Koma pa ubwino womwewu ndi pamene pagona vuto lathu amayi. Chikopa chimaloweza thupi la munthu mmodzi.

M'mabanja ambiri njinga ndi imodzi, ndipo anayamba kuikwera ndi bambo. Iwo ndiwo anaisankha, iwo ndiwo anauza wokonza kutalika kwa chishalo, ndipo timaenje tija tinakumbidwa ndi mafupa awo. Mayi akaitenga kupita kuchigayo kapena kusikelo, mafupa ake, amene kawirikawiri amakhala otalikirana kuposa a amuna ake, amakafikira m'mphepete mwa timaenjeto, mwinanso pachitsulo penipeni. Kamtumbira kamene kanatsala pakati pa timaenje tiwirito n'kamene kamamukanikiza kumaso ulendo wonse. Mayiyo amadziona ngati wofooka, pomwe wangokhala pamalo a munthu wina.

Yambani ndi mafupa anu

Khalani pabenchi youma zala zanu zili pansi pa matako. Mumva mafupa awiri akukanikiza zalazo. Amenewo ndiwo mafupa okhalira, ndipo ndiwo analengedwa kuti azisenza thupi. Mwa anthu akuluakulu ambiri amatalikirana masentimita apakati pa 10 ndi 15, ndipo a amayi amaposa a abambo ndi sentimita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ngakhale kuti munthu aliyense ali ndi muyeso wakewake. Kukula kwa mbina sikunena kanthu pa nkhaniyi. Mayi wathupi akhoza kukhala ndi mafupa oyandikana, wochepa thupi n'kukhala ndi otalikirana.

Kuyeza n'kosavuta. Pezani katoni yokhuthala ya mizere m'kati ija, monga ya sopo kapena ya mafuta ophikira. Iyikeni pakhonde lasimenti kapena pabenchi yaifupi, khalanipo mutavala zopepuka, mapazi muwakweze panjerwa, weramirani kutsogolo pang'ono monga mumachitira popalasa, ndipo mukanikize thupi pansi kwa kanthawi. Mukadzuka muona malo awiri obonyoka. Pakanipo khala mopepuka kuti aoneke bwino, kenako yezani ndi lula ya mwana wasukulu kuchokera pakati pa lina kukafika pakati pa linzake.

Tsopano tembenuzani chishalo muone kunsi kwake. Chitsulo chokhota cha kumbuyo chija chimadya malo mbali zonse ziwiri, moti chishalo chachikopa chimaoneka chachikulu kuposa malo enieni okhalapo. Mafupa anu onse awiri ayenera kugwera pachikopa cholenjekeka, m'kati mwa mzere wa mariveti, n'kutsalako mpata mbali iyi ndi iyo. Akagwera pachitsulo, palibe mafuta, palibe sipanala, palibe zaka zimene zidzachifewetse. Chishalocho si chanu. Chisintheni ndi china, ngakhale chapakaunjika.

Kuti muone kusiyana kwake, tengani zishalo za Brooks zomwezo. Chodziwika kwambiri, chotchedwa B17, m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 17.5 ndipo m'litali 27.5. Chimene amagulitsira amayi, B17 S, m'lifupi n'chimodzimodzi, koma m'litali n'chachifupi, pafupifupi masentimita 24. Anafupikitsa mphuno, sanakulitse pokhalira. Mphuno yaifupi imathandiza kuti siketi kapena chitenje chisamakole pokwera ndi potsika, ndipo kwathu kuno zimenezo si zazing'ono: lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi m'Malawi mpaka 1993, ndipo kumidzi kufikira lero ambiri timapalasa titamanga chitenje. Koma mayi wa mafupa otalikirana, amenenso amapalasa msana uli chilili, sathandizika ndi kufupika kwa mphuno. Iye amafuna chishalo chotambalala cha masipuling'i, cha mtundu wa B66 kapena B67, chimene m'lifupi chimapitirira masentimita 20. Chifukwa chake chili m'chiuno. Mafupa okhalira amayandikana akamapita kutsogolo, ndiye munthu wokhala chilili amakhalira pamene atalikirana kwambiri, pomwe wowerama amakhalira pamene ayandikana.

Kutalika

Amayi ambiri amene ndimakumana nawo panjira chishalo chawo chimakhala chotsika kwambiri. Ndikumvetsa chifukwa chake. Munthu wabereka mwana kumbuyo, pakaliyala pali thumba la chimanga, msewu ndi wamchenga. Amafuna phazi lifike pansi msanga. Koma chishalo chotsika chimapinda mawondo mopitirira, miyendo imaleka kusenzako thupi, ndipo kulemera konse kumathera pachikopa. Chokwera kwambiri nachonso n'choopsa: chiuno chimapendekera uku ndi uku pofuna kufikira pedulo, ndipo kupendekera kulikonse ndi kukhulana kwa khungu ndi chishalo.

Tsamiritsani njinga kukhoma kapena wina akugwirireni. Khalani pachishalo, ikani chidendene papedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke ndithu koma chiuno chisapendekeke. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira, pamene zala zimayambira, bondo likhala lopindika pang'ono, ndipo kumeneko ndiko kutalika kwanu. Ngati mwazolowera chotsika, musakweze zonse tsiku limodzi. Kwezani theka la sentimita, yendani masiku angapo, kwezaninso. Paipi yonyamula chishalo ili ndi mzere wosonyeza malire. Mzere umenewo usaonekere kunja kwa felemu, chifukwa paipi yotulukitsa imatha kuthyoka kapena kung'amba felemu. Ndipo ngati njinga mumabwerekana ndi bambo a kunyumba, lembani papaipi ndi utoto kapena tepi malo anu ndi malo awo. Chabwino koposa, ngati m'thumba mulola, ndi kukhala ndi chishalo chanuchanu pa paipi yakeyake. Kusintha kwake ndi nati imodzi yokha.

Mphuno: pamene pagona nkhani

Funsani abambo amene amakonda zishalo zachikopa, ambiri akuuzani kuti mphuno iziloza m'mwamba pang'ono. Sakunama, kwa iwo zimayendadi. Kumbuyo kwa chishalo chachikopa kumakhala kokwera, ndiye mphuno ikakhala yotsika munthu amatsetserekera kutsogolo, makamaka chikopa chikadali chatsopano ndi choterera. Kudzutsa mphuno kumagoneka malo okhalira aja kuti munthu akhazikike. Okonza njinga, amene pafupifupi onse ndi abambo, amamanga chishalo cha aliyense motero mosaganizira kawiri.

Thupi la mayi silinapangidwe chimodzimodzi. Mafupa a kutsogolo kwa chiuno chake ndi otambasuka, ndipo mnofu wofewa uli pamalo pamene sungasunthidwe kuti upewe mphuno. Akangowerama kufuna mahandulo, chiuno chimagudubukira kutsogolo, ndipo mphuno yodzuka ija imakanikiza pamene pamadutsa mitsempha ya magazi ndi yomvera. Dzanzi limachokera pamenepo. Ngakhale akatswiri ampikisano anavutika nazo zimenezi mwakachetechete kwa zaka zambiri. Bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, UCI, linali ndi lamulo loti chishalo chisapendekeke kupitirira madigiri 2.5. Madokotala ndi aphunzitsi a timu ya Britain ataona mmene atsikana awo ankavulalira, anakadandaula, ndipo mu 2016 malirewo anawafikitsa pa madigiri 9. Ngati amayi opambana mamendulo anafunika kusinthiridwa lamulo kuti mphuno itsike, mayi wopita kumsika wa Lizulu asachite manyazi kupempha zomwezo.

Chitani motere. Imikani njinga pamalo osatsetsereka. Masulani nati ya m'mbali mwa chomangira chishalo mpaka mano ake alekane. Gonekani kathabwa pamwamba pa chishalo kuchokera kumphuno kukafika kumbuyo, ndipo pakathabwapo ikani levulo ya amisiri omanga nyumba, kapena botolo la madzi osadzaza logoneka chammbali. Mpweya ukaima pakati, chishalo chagona bwino. Mangani zolimba, yambirani pamenepo. Palasani ulendo weniweni, wa mphindi 20 kapena 30, pamsewu umene mumayenda masiku onse, pakuti kuzungulira pabwalo sikuulula kanthu.

Pobwera, dzifunseni mafunso awiri. Kodi kutsogolo kukukanikiza? Ndiye mphuno itsike pang'ono. Kodi mukungotsetserekera kutsogolo, n'kumadzikankhira kumbuyo ndi manja, zikhatho ndi mapewa n'kumawawa? Ndiye yatsikitsa, idzuke pang'ono. Chenjerani ndi kutsitsa mopitirira, chifukwa ndi msampha umene amayi ambiri amagweramo pothawa ululu. Mphuno ikaloza pansi kwambiri mumatsetsereka kuchoka pamalo otambalala n'kukathera pamphuno yopyapyala yomwe munkaithawayo, ndipo ululu umaposa poyamba. Malo oyenera ali pakati pa ziwirizi, ndipo ndi ochepa zedi, mwina mamilimita awiri kapena atatu a kukwera kapena kutsika kwa nsonga ya mphuno.

Vuto la njinga zathu zakudazi ndi loti chomangira chake chimayenda ndi mano, ndipo dzino limodzi limasuntha mphuno kwambiri. Mwina mupeza kuti dzino ili likukanikiza, lotsatira likutsetsereka. Zikatero musalimbane ndi chishalo. Sankhani dzino losakanikiza, kutsetserekako mukakuthetsere kumahandulo. Njinga zamakono zina zili ndi paipi ya mabawuti awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, imene imalola kusuntha pang'onopang'ono mmene mungafunire, koma imagwira zishalo za njanji imodzi mbali iliyonse. Za njanji ziwiriziwiri monga B66 zimafuna chomangira chakale chija. Onaninso mano a chomangiracho. Akatha, chishalo chimadzuka chokha mukagunda bampu, ndipo mumayenda tsiku lonse pa mphuno yoloza kumwamba osadziwa. Chomangira chatsopano n'chotchipa kuposa tayala.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukakweza chishalo, kutsitsa mphuno ndi kukweza mahandulo tsiku lomwelo, simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Mahandulo nawonso ndi nkhani ya chishalo

Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America anasindikiza zimene anapeza atayeza amayi 48 opalasa njinga kawirikawiri. Amene mahandulo awo anali otsika kuposa chishalo ankakanikizidwa kwambiri kumalo obisika, ndipo kumva kwa khungu la kumeneko kunali kochepa poyerekeza ndi anzawo. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene thupi limatiuza: kuwerama kwambiri kumachotsa kulemera pamafupa okhalira.

Njinga zambiri za mtanda zinapangidwira munthu wamtali. Mayi wamfupi amachita kudzitambasula kuti afikire mahandulo, ndipo ena pofuna kuchepetsa mtundawo amakankhira chishalo kutsogolo mpaka pamapeto a njanji zake. Kutero kumaika thupi patsogolo pa mapedulo, manja n'kumasenza katundu wosakhala wawo. Chishalo chiikidwe molingana ndi miyendo: mapedulo akakhala chopingasa, bondo la mwendo wakutsogolo likhale chapamwamba pa pakati pa pedulo. Zikatha izo, mahandulo ndiwo abwere kwa inu. Masulani bawuti ya pamwamba pa mahandulo maulendo awiri kapena atatu, igogodeni ndi hamala mutatchinjiriza ndi kathabwa kuti imasuke m'kati, kwezani osapitirira mzere wa malire, ndipo mumange. Pa njinga ya mabuleki azitsulo, mahandulo akakwera timitengo tachitsulo ta mabuleki timafunika kutisinthanso, ndiye ntchito imeneyi ndi bwino ichitikire kwa wokonza. Musanyamuke musanayese mabuleki onse awiri. Mukakhala bwino, zigongono zimapindika pang'ono ndipo mukhoza kumasula zala pamahandulo osagwera kutsogolo.

Bawuti ya pansi pa mphuno

Chikopa chimatamuka ndi zaka. Chikatamuka kwambiri chimalendewera, mbali zake zimatambasukira kunja n'kumakhula ntchafu, ndipo nthawi zina mumamva chitsulo cha pansi mukagunda mwala. Bawuti ya pansi pa mphuno ija ntchito yake ndi kukunganso chikopacho. Koma ndi bawuti imene yapha zishalo zambiri kuposa mvula. Chikopa chikakokedwa sichibwerera, ulusi wa bawutiyo uli ndi pothera, ndipo kukunga kwambiri kumadzutsa kamtumbira ka pakati kaja, kumene kwa mayi ndi kuitana ululu. Kumang'ambanso chikopa pamariveti. Potozani gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, basi, ndipo muyese masiku angapo. Musakunge chikopa chonyowa. Chishalo chatsopano sichifuna kukhudzidwa bawuti imeneyi kwa miyezi yambiri.

Mbali zikatambasuka, mankhwala ake abwino ndi chingwe cha nsapato. Pitani kwa wosoka nsapato akuboolereni timabowo tinayi kapena tisanu m'munsi mwa mbali iliyonse, chapakati pa chishalo, patali pang'ono ndi m'mphepete kuti tisang'ambike. Lowetsani chingwe modutsa kunsi, kokani mpaka mbalizo ziime chilili, mangani. Ntchafu zimapeza njira. Apanso musakoke mopitirira, pakuti chingwe chothina chimakweza pakati.

Pali amayi ena amene ayesa zonsezi koma kutsogolo kumakanikizabe. Kwa iwo kuli zishalo zong'ambidwa kabowo kotalika pakati, ndipo nzeru imeneyi si yatsopano: a Brooks ankagulitsa zotere kalekale m'zaka za m'ma 1890. Wosoka nsapato waluso akhoza kuboola chishalo chanu. Ayambe ndi mabowo awiri ozungulira kunsonga zonse kuti mng'alu usapitirire, adule pakati pake, asalaze m'mphepete ndi sandipepa, ndipo amange mbali ndi chingwe chifukwa chikopa chodulidwa chimafooka. Ine ndimati iyi ikhale njira yotsiriza. Chodulidwa sichilumikizika, ndipo amayi ena amapeza kuti m'mphepete mwa bowolo mumatsina kuposa chikopa chathunthu.

Mvula, dzuwa ndi oilo wakuda

Chishalo chatsopano chimatenga makilomita mazana angapo kuti chiphunzire thupi lanu, ndipo ena pofuna kufulumiza amachithira oilo wa galimoto kapena kuchinyika m'madzi. Oilo wakuda amaononga chikopa, amachilendewetsa msanga, amadetsa chitenje, ndipo si chinthu choyenera kuyandikira khungu la kumalo obisika. A Brooks amagulitsa mafuta awo otchedwa Proofide, amene kwenikweni ndi mafuta osakaniza ndi phula. Kumene sapezeka, phula la njuchi losungunulira pamodzi ndi mafuta pang'ono a ng'ombe limagwira ntchito. Pakani pang'ono pamwamba, lisiyeni ligone usiku, m'mawa pukutani ndi kansalu mpaka kansaluko kasamatenge kanthu. Kunsi pakani kamodzi osapukuta, makamaka ngati njinga ilibe madigadi, chifukwa matope a tayala amamenya kumeneko. Kawiri pachaka n'kokwanira. Mafuta ochuluka amafewetsa chikopa mpaka chimataya timaenje tanu tija.

Nyengo ya dzinja, sungani jumbo pansi pa chishalo, pakati pa masipuling'i, ndipo muzichiphimba mukaimika njinga panja. Chikanyowa ndithu, chiumire pamthunzi, osati pamoto kapena padzuwa la masana, ndipo ngati n'kotheka musachikwere chisanaume, chifukwa chikopa chonyowa chimatamuka ulendo umodzi wokha. Mariveti akatukuka, agogodeni agone asanang'ambe zovala ndi khungu.

Za thupi lenilenilo

Pali kupweteka kwa mitundu iwiri, ndipo mayi azikusiyanitsa. Kuwawa kwa pamafupa okhalira, munthu akangoyamba kupalasa kapena chishalo chikakhala chatsopano, kumatha pakapita sabata zingapo. Kumasonyezanso kuti kulemera kuli pamalo ake. Koma dzanzi, kutentha, kutupa kapena kunyuka kwa kumaso sikuzolowereka, ndipo kupirira kumangokulitsa bala. Tsikani, sinthani chishalo.

Zovala zimathandizako. Msoko wokhuthala wodutsa pakati, monga wa jinzi, umadula khungu. Chitenje chisapindikane pansi panu. Chiwongoleni musanakhale, ndipo nsonga zake zikhale kutali ndi masipoko. Mukafika, sambani ndi kuvala zouma, chifukwa thukuta lokhalitsa ndilo limabala zithupsa. Pa ulendo wautali, imirirani pamapedulo kwa kamphindi nthawi ndi nthawi kuti magazi ayende, ndiponso podutsa mabampu. Dzanzi likakhala mpaka tsiku lotsatira, chotupa chikakana kuphwa, kapena pokodza pakamawawa, pitani kuchipatala mukanene mosabisa kuti mumapalasa njinga. Mayi amene wangochira kumene adikire mabala apole, ndipo afunse anamwino asanayambirenso. Zoti njinga imatseka mimba kapena imaononga mtsikana ndi nkhambakamwa chabe, ndipo zalepheretsa ana ambiri kufika kusukulu pa nthawi yake.

Ngati manyazi akukugwirani kwa wokonza, simukusowa kufotokoza za thupi lanu. Nenani za chitsulo: "Achimwene, mphuno ya chishalochi itsike dzino limodzi," kapena "Mahandulo akwere chala chimodzi." Akakuuzani kuti chili bwinobwino, auzeni kuti wokwerapo ndinu. Ndipo sipanala ya 13 ndi 14 si yodula. Kukhala nayo yanu m'chikwama kumakulolani kusintha panjira pomwe ululu wayambira.

Zambiri mwa izi, kupatula za kukunga ndi kudzoza chikopa, zimagwiranso pa chishalo chilichonse, kuphatikizapo cha njinga za Buffalo zimene bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, lakhala likufikitsa kwa ana asukulu ndi ogwira ntchito zaumoyo m'Malawi ndi m'Zambia. Atsikana olandira njinga zotere, kapena obwereka ya bambo awo, akukula, ndipo chishalo chimene chinali bwino chaka chatha chaka chino n'chotsika. Iwo sadzakuuzani okha. Amayi anzanga, azakhali ndi anankungwi, mwana akayamba kupalasa kupita kusukulu, muyezeni pakatoni, muimikeni kukhoma muone bondo lake, ndipo patatha sabata mumuitanire pambali mumufunse mmene akumvera. Akatchula dzanzi, tsitsani mphuno ya chishalo dzino limodzi, ndipo mumufunsenso Loweruka lotsatira. Dzanzilo likapitirira, kwezani mahandulo.